Lupu ya close() ija

Usiku wafika koma mutu ukadali pa mkangano wa masana ndi mnzanga wa pa desiki yoyandikana.

Pulogalamu yathu yakale ikafuna kuyendetsa ina imachita fork (kudzigawa pawiri, kholo ndi mwana), kenako mwanayo asanafike pa exec, pomwe amasanduka pulogalamu inayo, amazungulira mu lupu ya close() kutseka ma file descriptor (manambala oimira mafayilo ndi zina zotsegula) onse kuyambira pa 3 mpaka pa malire a ulimit -n, omwe amanena kuchuluka kwa zomwe pulogalamu ingatsegule nthawi imodzi. Pa makina wamba malirewo amakhala 1024, nchifukwa chake palibe ankadandaula. Mu container (malo opatulidwa omwe pulogalamu imayenderamo payokha) tinawapeza ali 1048576. Nditayatsa strace, chida choonetsa zomwe pulogalamu ikupempha ku kernel (mtima wa Linux), sikirini inangodzaza close(4097) = -1 EBADF, close(4098) = -1 EBADF, osaleka, EBADF kutanthauza kuti pa nambalayo palibe chotsegula. Zotsegula zenizeni sizikwana ndi khumi zomwe, koma mwana akupita ku kernel maulendo oposa miliyoni kukatseka zinthu zomwe kulibe.

Mnzangayo anangoti, "Achimwene, chotsani lupuyo basi tizipita."

Ndinakana. Mwana akatengera soketi (polumikizira netiweki) ya kholo, kholo likafa port (nambala yomwe seva imalandirirapo alendo) imakhalabe yogwidwa, seva n'kukanika kudzukanso. Akatengera mbali yolembera ya pipe (njira yopatsirana deta pakati pa mapulogalamu), wowerenga amadikira EOF, chizindikiro choti zatha, mpaka kalekale. Mavuto otere sabwera lero, amabwera miyezi itapita aliyense ataiwala.

Ndinatchula close_range, yomwe inalowa mu Linux 5.9 mu 2020: kuitana kamodzi, zonse zatsekeka. Anandikumbutsa kuti maseva ena akadali pa kernel yakale. Ndinati tiwerenge /proc/self/fd, foda yomwe Linux imaonetsamo zotsegula za pulogalamu, n'kutseka zokhazo zomwe zilipo, monga imachitira subprocess, gawo la Python 3 loyendetsera mapulogalamu ena. Anaseka. Akuti pulogalamu ya ma thread ambiri (magawo oyenda nthawi imodzi), pakati pa fork ndi exec sungakhulupirire malloc yopemphera memory, ndiye opendir yotsegulira foda, yomwe imadalira malloc, ayi. A Python eniake amaitana getdents64, yowerengera foda ku kernel, mwachindunji pothawa zomwezo. Chimandipweteka nchakuti apa ananena zoona, ndipo anazinena akumanga kale chikwama.

Njira yaukhondo timaidziwa tonse: O_CLOEXEC potsegula, kuti fayilo idzitsekere yokha pa exec, ilipo kuyambira Linux 2.6.23 mu 2007. Koma laibulale ya eni ake yomwe timadalira imatsegula mafayilo mmene ikufunira, sititha kuigwira dzanja.

Mapeto ake anatsitsa malire kufika pa 4096 n'kuweruka. Liwiro labwerera, inde. Koma tsiku lina wina adzaona "Too many open files", adzakweza nambalayo osafunsa munthu, lupu ija ili pomwepo. Ndayamba kulemba kuti tiziyesa close_range kaye, ikabweza ENOSYS (kutanthauza kuti kernel ilibe close_range) tizigwera ku /proc, koma nanga komwe /proc sinaikidwe...