Matayala anga anakangana kwa apongozi

Ku Johannesburg kuli azibambo aakuluakulu, ena aimvi ndithu, amene Loweruka m'mawa amasiya mabanja awo n'kukaima pa mulu wa miyala, maso ali pa timagalimoto ta rimoti tikukwawa. Ine ndine mmodzi wa iwo. Timagalimototi timatchedwa rock crawler, ndipo tambiri ndi ta sikelo ya 1/10, kutanthauza kuti mutatindanditsa khumi mungafike kutalika kwa galimoto yeniyeni. Za liwiro iwalani. Chimene timalimbirana n'chakuti ndani akwere mwala woipitsitsa osagubuduzika, osaigwira galimotoyo ndi dzanja.

Anzanga amabwera ndi zam'bokosi. Wina Axial SCX10, wina Traxxas TRX-4 ija inatuluka mu 2017, yamagiya awiri ndi madifu (timabokosi ta magiya togawira mphamvu kumatayala) otsekera pa rimoti. Yanga ndinalumikiza ndekha ndi zipangizo za kaunjika zimene anzangawo amagulitsa zikawakwana: chasisi cha uyu, maekiselo a uyo, mota ya 35T yoyenda modekha koma yamphamvu. Vuto la masewerawa n'lakuti galimoto siitha kumangidwa. Ukati wamaliza, wina amakuuza kuti ikulemera kumwamba, ugule zitsulo zamkuwa zomangira ku matayala akutsogolo, kuti kulemera kutsikire pansi ndiponso kutsogolo kuzilemera kuposa kumbuyo, cha m'ma 60 kwa 40. Wagula mkuwa, servo yokhotetsa matayala yayamba kulira, ugulenso yamphamvu. Kunyumba zonsezi zimalowa ndi dzina limodzi, "tizitsulo totchipa", ndipo mayi akunyumba amadziwa choncho.

Khrisimasi itayandikira ndinagula magiya atsopano a mu difu yakutsogolo, aja amati overdrive. Ntchito yake ndi kuzunguza matayala akutsogolo mofulumirirapo pang'ono kuposa akumbuyo, kuti pokwera galimoto izidzikoka, komanso izikhota pafupi. Ndinawamanga usiku woti kukacha tikukwera basi yakumudzi, magetsi atathima, foni ili kukamwa kuunikira, mayi akunyumba akufunsa kachitatu ngati nsapato za ana ndalongedza. Mabatire a LiPo ndinali nditawatsitsa kale pa 3.8V selo iliyonse, monga amafunira ukamawasunga, n'kuwakwirira pansi penipeni pa chikwama. Ndiye kuyesa sindinayese. Komanso katswiri ayese chiyani?

Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka chipata cha Dedza, chikwamacho chili pamiyendo panga. Kwawo kwa mayi akunyumba ndi mudzi wina m'boma lomwelo, ndipo n'chifukwa chake ndinavutika kunyamula. Ku Johannesburg miyala timachita kututa pa wilibala. Ku Dedza Mulungu anaunjika kale, yaulere, kuseri kwa nyumba iliyonse.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti ana anga anali atalengeza pa foni kuti adadi akubwera ndi galimoto yawo yokwera mapiri. Apongozi aamuna anali atapangana kale ndi anthu atatu kuti mkamwini wawo akawatengera feteleza kuboma. Nditaitulutsa m'chikwama n'kuiika pakhonde, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana kumsewu.

"Yaikuluyo ikubwera pambuyo?"

Ndinati ayi bambo, ndi yomweyi, koma mawa muona zodabwitsa.

M'mawa mwake ndinakatchaja mabatire pa sola ya ku golosale, ndipo pobwerera ndinali ndi mudzi wonse kumbuyo. Ana anabwera ndi magalimoto awo amawaya, matayala a zitsekerero za mabotolo, chiwongolero chachitali m'manja. Ndinasankha mwala waukulu wa pafupi ndi nkhokwe. Apongozi aamuna anakhala pa mpando wandalema, malume ake a mayi akunyumba pambali pawo. Apongozi aakazi anali chapatali, kumbuyo kwa bwalo, akuyanika ufa woyera pamphasa poti dzuwa linali litatuluka. Monga mwa mwambo, ine ndi iwo sitiyang'anizana, ndipo tikafuna kuyankhulana mawu amadzera mwa mwana wawo.

Ndisanayambe ndinaona kuti ndi bwino anthu aphunzire kaye. Ndinafotokoza za siponji ya m'kati mwa matayala, yothandiza kuti tayala lizikumbatira mwala. Ndinafotokoza za mafuta a m'mashoko. Ndinafotokozanso malamulo a mpikisano, mokweza kuti amve ndi akumphasa omwe: kugunda chizindikiro cha pakachipata kodutsapo galimoto ndi chilango, kugwira galimoto ndi chilango, ngakhale kubwerera m'mbuyo kumene kuli ndi chilango chake. Ndinawonjezera kuti ine kubwerera m'mbuyo sindikudziwa.

Ndinakoka kachala ka rimoti.

Galimoto sinapite. Inanjenjemera, inapinda msana, fumbi linatuluka pansi pake. Ndinasiya, n'kuuza anthu kuti ikutenthetsa kaye injini. Malume anagwedeza mutu kuvomereza, poti anagwirapo ntchito ya ukondakitala. Ndinakokanso. Inapindanso msana, ikulira, ndipo pansi panaoneka timaenje tinayi.

Mlamu wanga wamng'ono, wa Sitandade 6, anagona chafufumimba n'kusuzumira.

"Alamu, matayalawa akukangana. Akumbuyo akuti tiyeni, akutsogolo akuti tibwerere."

Thukuta linayambira m'khosi. Mu difu muli giya yaikulu ndi kagiya kakang'ono koizunguza. Giya yaikuluyo ikakhala mbali iyi ya kagiyako, matayala amapita kutsogolo. Ukaitembenuza n'kuika mbali inayo, ekiselo yonse imazungulira chobwerera. Choipa chake, pa ekiselo yangayo imalowa bwinobwino mbali zonse ziwiri, chivindikiro n'kutsekeka popanda kudandaula, makamaka ukamamanga mumdima foni ili kukamwa. Kukonza kwake ndi kwa mphindi zochepa ngati uli ndi aleni kiyi yaing'ono. Yanga inali pa tebulo ku Johannesburg. Anathamangira wokonza njinga, iye anabwera ndi sipanala ya 10, ya 13 ndi hamala. Hamalayo ndinamupempha aibweze m'thumba.

Mlamu uja anati tisinthanitse mawaya a mota. Ndinkadziwa kuti n'zosathandiza, chifukwa mota ndi imodzi yozunguza maekiselo onse awiri, koma anthu anali akudikira kuti ndichitepo kanthu. Tinasinthanitsa. Tsopano akutsogolo anayamba kukokera kutsogolo, akumbuyo kukokera kumbuyo, galimoto n'kudzitambasula mpaka mimba kukhudza pansi.

"Poyamba paja amamenyana," anatero malume. "Panopa ukwati watha, aliyense akupita kwawo."

Anthu anaseka mpaka amayi ena kukhala pansi. Apongozi aamuna sanaseke, amaganiza za feteleza.

Apa munthu wanzeru akadanyamula katundu wake n'kunena kuti mawa. Ine ndinabwezera mawaya m'malo mwake, ndinachotsa batire ya 2S ya 7.4V, n'kuika ya 3S ya 11.1V. Maganizo anga anali akuti ikapeza mphamvu, mbali imodzi igonja, galimoto isuntha, ulemu wanga ubwerera. Ndipo mbali imodzi inagonjadi. Kumbukirani mkuwa uja ndinamangirira kutsogolo, ndi overdrive ija. Matayala akutsogolo anali olemera, ogwira nthaka, othamanga kuposa anzawo, ndipo ndi omwewo amafuna kubwerera. Ndalama zanga zonse zinali kumbali ya adani.

Galimoto inatuluka m'maenje muja chafutambuyo, matayala akumbuyo akupalasa pachabe, akuponya dothi lofiira kumene imalowera. Ine sindinaone msanga. Ndinali nditatembenukira kwa apongozi aamuna, chala chili chikokere, ndikuwauza kuti taonani bambo, yasuntha. Ndinangomva ana akukuwa, "Ufa! Ufa!"

Dothi linafika kaye, galimoto pambuyo. Itakwera pamphasa, matayala onse anayi anapeza chofewa, ndipo kunabuka mtambo woyera umene unakuta apongozi aakazi kuyambira kumpango mpaka kuzala zakumapazi. Nkhuku zinabwera kuchokera m'makomo atatu. Ndinasiya kachala kaja, ndipo drag brake, buleki imene imagwira yokha kuti galimoto isatsetsereke pamwala, inagwira ntchito yake mokhulupirika. Galimoto inaima nji pakati penipeni pa ufa. Pa zonse zimene ndinalonjeza tsiku limenelo, chinayenda bwino ndi chimenechi.

Bwalo lonse linati zii. Kukatenga galimoto kunafunika kuti ndiyandikire apongozi, zomwe sizichitika. Kuisiya kunalinso kosatheka. Ndinangoima, rimoti ili m'manja.

Apongozi anadzikuntha pang'onopang'ono, anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuitana mwana wawo. Anayankhula motsitsa, koma mudzi wonse unamva.

"Tawafunsa bambo a anawa. Paja amati kubwerera m'mbuyo chilango chake n'chiyani?"

Chilango chake chinali thumba la mphale pa njinga yobwereka, ulendo wa kuchigayo, dzuwa lili paliwombo, zitunda za Dedza zomwe ndinkazitama zija ndikuzikwera chokankha. Ndisananyamuke, mlamu wanga wamkulu anali atafufuza kale pa intaneti mtengo wa "tizitsulo totchipa" n'kuonetsa mlongo wake. Mayi akunyumba anangoti tikakambirana ku Johannesburg, ndipo anandiitana ndi dzina langa lonse.

Pobwera kuchigayo, ufa uli pakaliyala, ndinamva phokoso la ana kunkhokwe kuja. Pamwamba pa mwala uja panali galimoto yanga. Mlamu wamng'ono anali atadula mashafuti onse awiri apulasitiki otengera mphamvu ya mota kumaekiselo ndi mpeni wa kukhitchini kuti matayala azizungulira okha, n'kumangirira bango lalitali ku bampala ndi waya. Anzake anali pamzere, aliyense ndi mango awiri olipira ulendo umodzi.

Atandiona anandikodola mosangalala.

"Alamu, yakwera! Koma mkuwawu tichotse, ukungolemeretsa."