Mphaka wanga ndi matenda a shuga

Mphaka wabwinobwino amayenda pa zala zokha, chidendene chili m'mwamba. Wanga, yemwe ndi wachikulire komanso anali wonenepa, anayamba kuponda chidendene pansi ndi miyendo yakumbuyo ngati kalulu. Kulumphira pampando kunamukanika. Izi zisanachitike n'kuti akumwa madzi kwambiri, akukodza pafupipafupi, komanso akuonda chonsecho akudya bwinobwino.

Dokotala wa ziweto atamuyeza magazi ndi mkodzo anapeza shuga. Shuga akachuluka m'magazi kwa nthawi yaitali amawononga minyewa yotumiza mauthenga m'thupi, makamaka italiitali yopita ku miyendo yakumbuyo, ndiye minofu imafooka chifukwa uthenga sukufika bwino.

Panopa ndimamubaya jakisoni wa insulin, mankhwala otsitsa shuga m'magazi, kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, ndipo chakudya chake ndi cha nyama yambiri, sitachi wochepa. Kubayako sikuvuta, kasingano kake ndi kakang'ono. Tsiku limene wakana kudya ndimayamba ndafunsa dokotala, chifukwa shuga akatsikitsitsa mphaka amatha kukomoka.

Chowawa ndi kudikira. Minyewa imachira mwapang'onopang'ono, milungu kapena miyezi shuga atakhazikika. Pakadali pano ndamuikira kabokosi pafupi ndi mpando kuti azikwera osalumpha.