Ulendo wathu wa ku Biwi ndi nkhani ya Hiace yonjenjemera ija

Abale anga a mu gulu lathu la amakaniko, lipoti lija mwakhala mukundivutitsa nalo, la ulendo wokachezera amakaniko anzathu a ku Biwi ku Lilongwe, ndi ili. Amene munatsala chifukwa cha maliro a ku Chirimba, ndi inu amene munali ndi magalimoto a makasitomala pa jeke, werengani bwinobwino chifukwa nkhaniyi yayamba kale kukambidwa mosiyanasiyana mu Ndirande muno, ena akuti difu, ija imagawa mphamvu ku matayala akumbuyo, inathyoka, ena akuti tinagona panjira. Ayi. Zinayenda chonchi.

Tinanyamuka Loweruka m'bandakucha pa Hiace ya achimwene athu aja, Abusa a welding atapemphera. Kumbuyo tinalonga ma toolbox, jeke ya botolo, ma stand, ndi mikoko ya nthochi za ku Thyolo zokawapatsa anzathu a ku Lilongwe. A Tcheya anakhala kutsogolo monga mwa nthawi zonse, Agogo a magiyabokosi pambali pawo, Mayi msungichuma ndi mwana wathu wa TEVET, wa maphunziro a ntchito zamanja uja, mpando wakumbuyo kwenikweni. Mukumbukire pamene anakhala anthu awiriwa chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Lunzu, Lirangwe, Mdeka, Zalewa tinadutsa bwinobwino, nyimbo zili mkati, a Waya akutsogolera kwaya yawo ija ya munthu m'modzi. Titayandikira ku Phalula mbuzi zinangoti balamanthu pamsewu, zina kutsogolo zina kubwerera, nde adalaivala pozemba anakhotera kumanzere, tayala lakumbuyo linatsika pa tara nkukamenya ngodya ya kalavati. Guu! Nthochi zinadumpha, Abusa anakuwa dzina la Yesu, tonse ziii. Tinaima, tinatsika, kuzungulira galimoto. Tayala silinaphulike, oyilo sakudontha, masipuling'i ali m'malo mwake, mbuzi zonse zamoyo. Tinathokoza Mulungu nkukweranso. Ndipo adalaivala ndiwayamikire pano, akanakhala wina tikanagubuduka.

Titayenda pang'ono Mayi msungichuma anati, akuluakulu mpando uno ukunjenjemera. Adalaivala anati kuno sitelingi ili phee mayi. A Tcheya anati iwonso sakumva kanthu. Koma spidi itafika cha m'ma 60 tonse a mizere yakumbuyo tinayamba kumva pansi pa mapazi ndi kumsana, itafika 80 ngakhale ma toolbox anayamba kulira okha. Apa nde panayambira mkangano umene sunathe mpaka ku Ntcheu. Minibasi yodzadza amakaniko okhaokha abale, aliyense ndi matenda ake.

Achimwene a matayala anati ndi tayala basi, waya waduka mkati latupa, kapena limu yapindika, kapena ka mtovu ka balancing kagwa. Agogo a magiyabokosi anati ana inu simukudziwa, imeneyo ndi propshaft, chitsulo chachitali chija chimatenga mphamvu ku giyabokosi kupita nayo ku difu, ka cross kamodzi katha kapena center bearing yang'ambika labala. A Waya anati mwina mounting ya injini. Abusa anati bawuti yapakati pa masipuling'i yaduka difu yasuntha. Adalaivala, mwini galimoto, anangoti chete mtima uli m'mwamba chifukwa mawu oti difu ndi ndalama.

Pa mtsetse wina tisanafike pa Manjawira a Tcheya anauza adalaivala kuti aike pa neutral kwa kanthawi kochepa, injini itsike. Kunjenjemera kunali komweko, osasintha. Kenaka anaponda mafuta ili pa neutral pomwepo, osasinthanso. Apa a Waya anagonja okha, anati chabwino injini ndaichotsamo, chinthuchi chikutsata liwiro la matayala osati la injini. Agogo sanagonje. Nde mwana wathu wa TEVET, amene nthawi yonseyi anali chete dzanja lili pa mpando, anati Agogo pepani ndilankhuleko. Anati tayala la Hiace likazungulira kamodzi limayenda mamita awiri ndi pang'ono, nde pa spidi ya 60 likuzungulira mwina ka 8 pa sekondi, pamene propshaft imazungulira pafupifupi kanayi tayala likazungulira kamodzi, nde ikanakhala propshaft bwenzi tikumva kung'ung'udza kothamanga kwambiri, komanso bwenzi kukusintha akaponda mafuta ndi akasiya. Koma ichi chikumenya pang'onopang'ono moti ukhoza kuchitsatira ndi dzanja, chili ku tayala. Mu galimoto munati ziii kachiwiri. Agogo anangoti, tikaona pa jeke mwanawe.

Tinalipira pa toll gate ya pa Chingeni, ija inayamba mu 2021, nkupitirira pang'onopang'ono mpaka pa Ntcheu boma pamene tinapeza malo a simenti osatsetsereka. Tisanakweze, achimwene a matayala anati adalaivala ayendetse pang'onopang'ono ife tiziyenda pambuyo. Apa aliyense anaona ndi maso ake, tayala lakumbuyo lakumanzere likupita uku ndi uku ngati lichero popeta, lakumanja lili nji. Achimwene a matayala anasangalala, anati ndinanena ine limu.

Tinaika miyala ku matayala akutsogolo, kukweza, kulowetsa stand, giya pa neutral, handibuleki kumasula. Panali mnyamata wina wa pamalopo amene anati lizani injini muike giya muone bwino, a Tcheya anakana kwamtuwagalu, tayala limodzi likakhala m'mwamba lina pansi difu imathamangitsa la m'mwambalo kawiri ndipo galimoto ikhoza kutsika pa stand anthu ali m'mbali. Tinazunguza ndi manja. Manati onse anali omanga. Tayala losatupa paliponse, achimwene analisisita ndi chikhatho kuzungulira konse. Kugwedeza pamwamba ndi pansi, bearing inalibe pulei yoti nkudandaula nayo. Agogo analowa pansi okha ndi zaka zawo zija kukagwedeza propshaft, ma cross onse ali gwa, anatuluka akukutumula fumbi osalankhula. Abusa anayeza ndi chingwe kuchoka pakati pa tayala lakutsogolo kufika pa lakumbuyo mbali zonse ziwiri, ndi chimodzimodzi, difu sinasunthe.

Kenaka tinachotsa tayala lija nkuika la spare. Kuzunguza, nalonso likuvina chimodzimodzi. Achimwene a matayala anati spare yakenso ndi yopindika kkkk, nde tinatenga tayala lija tinachotsa nkulimanga kutsogolo kumene kulibe vuto, kuzunguza, lili bwinobwino kupatula kakukalika pa mlomo wa limu. Limu inapulumuka mlandu pamenepo.

Tinachotsa dramu ya buleki. Apa mwana wathu anachita chinthu chimene ndikufuna anyamata onse a m'magalaja mwathu amve. Sanathamangire kunena kuti half shaft, shaft ija imachoka ku difu nkumazunguza tayala, yapindika. Anayamba watenga sandpaper nkupala dzimbiri ndi dothi lonse pankhope ya flange, mbale ya kumapeto kwa shaft pamene pamakhala ma stud omangirapo tayala paja, ndi mkati mwa dramu momwe, chifukwa kadothi kochepa pakati pa ziwirizi kamapendeketsa tayala lonse munthu nkugula shaft yabwinobwino ili pomwepo. Atapukuta anaika stand ina pafupi, anagoneka sikuludiraiva pamwamba pake nsonga itangotsala pang'ono kukhudza m'mphepete mwa flange, nkuuza a Waya kuti azunguze pang'onopang'ono. Tonse tinawerama. Mpata uja unatseka, chitsulo chinakhudza kuti tswii, kenaka unatseguka mpaka kuwala kuoneka, kenaka tswii pamalo omwe aja. Anaika choko pamene pakukhudzapo. Kuzunguza kangapo, choko chikubwera pomwepo pomwepo. Agogo anavula chipewa nkunena kuti mwanawe wandiphunzitsa, half shaft iyi yapita. Amene mukuwadziwa Agogo mukudziwa kuti mawu amenewa satuluka wamba.

Panali kukambirana ngati tibwerere kapena tipitirire. Oil seal inali isanayambe kudontha, ma shoe a buleki ouma, nde tinagwirizana zopitirira osadutsa 50, ma toolbox ndi anthu olemera thupi kusamukira kutsogolo ndi kumanja, ndipo tiziima pafupipafupi kugwira ngati pa bearing pakutentha. Zosamutsa anthu olemera zija zinabweretsa mlandu wina, mayina sinditchula, eni ake akudzidziwa ndipo anakhululuka kale.

Pa Lizulu nde tinaiwala mavuto. Kunja kukuzizira, tchipisi cha mbatata ya kachewere yokumba kumene, kanyenya wa mbuzi pambali, Abusa anati tikubwezera zija za ku Phalula. Mayi msungichuma anatsegula chikwama popanda kuwakakamiza, anthu anaombera m'manja pamsika. A Waya anawoloka msewu nkubwera akunena kuti iwo apita kunja kwa dziko lero, poti tsidya linalo ndi Mozambique, ndipo mpaka pano akufuna tiziwatchula kuti a ku Joni. Amayi ogulitsa kabichi ndi tomato anatizungulira, aliyense anagula zoti akasiye kunyumba osaganiza kuti galimoto yake ndi yodwala, a Tcheya anachita kuletsa kuti matumba a mbatata tidzagula pobwerera.

Dedza, Kalinyeke, Linthipe, Nathenje, pang'onopang'ono choncho, tinakafika ku Biwi dzuwa litapendeka, pulogalamu ya masana itapita kale. Koma anzathu aja, eee, anthu abwino. Anali akutidikira, nsima ya nkhuku ya lokolo ikutenthedwanso kachiwiri, ndipo titangodya mkulu wawo anati pulogalamu yasintha, phunziro la lero ndi minibasi yanuyi.

Anabweretsa dial gauge ya maginito, kachipangizo kooneka ngati wotchi koyezera kupendekeka kwa chitsulo. Ambiri a ife timangoiona mu mabuku kapena tinaigwirako ku sukulu kalekale. Kamzere kamodzi ndi 0.01 ya millimeter, singano ikazungulira kamodzi ndiye millimeter imodzi. Anaimata pa chitsulo chosasuntha, kansonga pa nkhope ya flange, kuzunguza. Singano inathamanga kupitirira theka la wotchi nkubwerera, ndipo pamene inafika pamwamba ndi pa choko cha mwana wathu chija ndendende. Anayezanso mbali yakumanja kuti tifananize, singano inangogwedezeka timizere towerengeka. Mkuluyo anafotokoza kuti kupindika kochepa pa flange kumakula kukafika kunja kwa tayala chifukwa tayala ndi lalikulu kuposa flange kangapo, nchifukwa chake ife timaona ndi maso tikuyenda pambuyo. Anatiuzanso kusiyana kwake, shaft ikapindika tayala limavina, koma likapindika ndi bomba la difu lenilenilo, limene mkati mwake mumadutsa shaft, tayala silivina ayi, limangoima mopendekeka, limadya mbali imodzi, seal ndi bearing nkumangofa pafupipafupi iwe nkumati ma spare ndi a feki. Anaika chitsulo chowongoka pa bomba lathu, anaona ma welding ake, lili bwino. Adalaivala anapuma mpweya umene anaugwira kuchokera ku Phalula.

Tinamasula paipi ya buleki ndi kebulo ya handibuleki, manati anayi akuseri kwa backing plate, shaft inatuluka yonse. Pa lathe, makina aja amazunguza chitsulo, inaonekeratu kuti yapindikira pakhosi, pafupi ndi flange, kumene kumakhala bearing.

Mkangano wachiwiri unabuka apa ndipo unali woopsa kuposa woyamba. Abusa anati aitenthe ndi gasi aiwongole pa press, anachitapo kambiri. Adalaivala anagwirizana nazo chifukwa cha thumba, ndipo palibe angawanene. Koma Agogo ndi mkulu wa ku Biwi anakana limodzi. Shaft ya Hiace si yongozunguza tayala, ndi imene yanyamulanso katundu yense wa mbali imeneyo, ndipo chitsulo chake anachilimbitsa ku fakitale, ukachiotcha chimafewa, ukachikankha chozizira pakhosi pamenepo chikhoza kuchita mng'alu wosaoneka. Ikaduka pamenepo tayala limachoka ndi dramu yake, buleki nkuthera pompo, mkati muli anthu a eni. Ine ndili mbali ya Agogo pa nkhani iyi ndipo sindibisa, minibasi imanyamula ana a sukulu m'mawa uliwonse. Mawu anakwera ndithu mpaka Mayi msungichuma anaimirira nkunena kuti galimotoyi yavulala pa ulendo wa gulu, gulu lithandiza theka, lina adalaivala adzabweza pang'onopang'ono. Nkhani inathera pomwepo, Abusa ndi Agogo anagwirana chanza.

Anyamata a ku Biwi anathamanga nkubwera ndi ma shaft awiri a kaunjika. Mkulu uja anati osalipira tisanayeze. Yoyamba pa lathe inapezeka kuti nayonso ndi yopindika pang'ono, inabwerera. Yachiwiri inali bwino, ma spline ake osadyeka, kutalika kofanana. Bearing, retainer ndi seal tinaika zatsopano pa press, kumanga, kuchotsa mpweya mu buleki, kuwonjezera oyilo wa difu, tikumaliza ndi matochi a mafoni. Kuyesa pamsewu Mayi msungichuma anakhala pa mpando wawo womwe uja, pobwera anati zili bho.

Lamulungu m'mawa tinachita za pulogalamu mwachidule. Anationetsa m'mene amalembera job card galimoto iliyonse ikalowa kuti pasamakhale kukangana ndi kasitomala, m'mene amasungira oyilo wakutha mu migolo osathira pansi, makina a diagnosis a timagalimoto ta ku Japan tija tadzadza mu tauni, ndi m'mene amayendetsera banki m'khonde yawo. Zonse ndinalemba mu kope la gulu, ofuna adzawerenga pa msonkhano.

Zikomo kwa anzathu a ku Biwi chifukwa cha malo ogona, chakudya, lathe ndi press zimene sanatilipiritse. Zikomo amayi amene anaphika kawiri. Zikomo adalaivala, achimwene a matayala amene anamanga ndi kumasula matayala tsiku lonse osadandaula ngakhale mlandu unawakana, a Waya a ku Joni, Abusa, Agogo, a Tcheya, ndi Mayi msungichuma. Mwana wathu wa TEVET, mkulu wa ku Biwi anafuna kukutenga kuti ukagwire kwawo, a Tcheya anamuyankha kuti ayambe wakambirana ndi gulu lonse.

Tinagwirizana mu galimoto pobwerera kuti gulu ligule dial gauge yake ndi maginito ake, izikhala kwa Agogo, wofuna azisaina. Zopereka zake mubwere nazo pa msonkhano ukubwerawu pamodzi ndi za mwezi, ndipo tidzakambiranso zowalandira anzathuwa akamadzabwera kuno mvula ikatha. Shaft yopindika ija tinabwera nayo, ili ku galaja ya a Tcheya choko chake chikadalipo, anyamata ophunzira apite akaizunguze aone okha. Amene munatenga sipanala 14 ya a Waya pa Ntcheu paja mubweze chonde, akuifuna.