Zikomo nonse, kompyuta ija yadzuka

Dzulo madzulo kompyuta ija yayakanso, ndipo pofika m'mawa uno inali itatumiza kale ntchito yake yoyamba ku distributed.net, gulu la pa intaneti la anthu othandizana kusaka kiyi yachinsinsi ndi makompyuta awo. Ndati lisalowe dzuwa ndisanakuthokozeni.

Amene mumadutsa pa kashopu kanga ka fotokope pa Kamuzu Road mukudziwa kuti mphenzi ya m'dzinja lapitali inalowa m'mawaya n'kupsereza zonse. Fungo la pulasitiki wopsa linakhala m'shopumo sabata yathunthu. Ine ndinali nditataya mtima.

Achimwene a ku Johannesburg, graphics card ija, kachipangizo ka m'kompyuta kowerengera mothamanga, inafika bwino pa basi, itakulungidwa m'chitenje ngati khanda. Alamu, batire lanu la sola ndi limene likutigwira magetsi akathima. Ndibweza, musadandaule. Ndiye pali mnyamata wokonza mafoni pafupi ndi depoti, amene anakhala nane mpaka usiku, tochi ali nayo kukamwa, akuwotcherera tiwaya tating'ono ngati tsitsi. Ndalama anakana. Anangolandira chipisi ndi Fanta.

Amalume anandifunsa mosabisa: “Iwe, makina osagonawa, sukuba ndalama za anthu kubanki?” Ayi amalume, nkhani yake ndi iyi. Mu 1997 kampani ya RSA ya ku America inatseka mauthenga angapo ndi makiyi achinsinsi, n'kulonjeza $10,000 kwa amene atsegule. Cholinga chinali kuona ngati maloko oteteza zinsinsi pa kompyuta ali olimbadi. Njira yachidule palibe, umayesa kiyi iliyonse mpaka ina italowa. Anthu odzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, kudzera pa distributed.net, anagawana makiyiwo, aliyense kompyuta yake ikumayesako chigawo pamene iye sakuigwiritsa ntchito.

Utali wa kiyi umayezedwa m'mabiti (biti ndi 0 kapena 1 mu kompyuta). Kiyi ya mabiti 56 inapezeka mu Okutobala 1997 patatha masiku 250. Ya mabiti 64 inadya masiku 1,757, n'kupezeka mu 2002. Imene tikusakayi ndi ya mabiti 72, ntchito inayamba mu Disembala 2002 ndipo mpaka lero kuli zii. Biti imodzi ikawonjezeka makiyi oti ayesedwe amachuluka kawiri, ndiye kuchoka pa 64 kufika pa 72 ntchito yakula ka 256. A RSA eni akewo anautseka mpikisanowo mu 2007, koma anthu sanasiye.

Amalume atamva izi anaseka mpaka kutsokomola. Akuti ndili ngati aja okoka khoka ku Senga Bay, amene amagwira chingwe kumapeto kwenikweni osadziwa ngati m'khokamo muli kanthu. Sindinawatsutse. N'kutheka ndithu kuti kiyiyo idzapezeka ine kulibe, pa kompyuta ya munthu amene sindidzamuona. Koma chigawo chimene makina a ku Salima ayesa chimachotsedwa pa mndandanda, wina sadzavutikanso nacho, ndipo zimenezi ine zimandisangalatsa kuposa mmene ndingafotokozere.

Mayi a kunyumba, inu ndiye mwapirira. Kutentha kwa Okutobala kuno mukukudziwa, koma fani imodzi yokhayo munalola kuti ikapepese kompyuta ife tikugona thukuta lili kamukamu. Za mayunitsi a magetsi munangondiyang'ana, osanena kanthu. Ndinamva.

Loweruka masana ndiotcha chambo kuseri kwa shopu. Nonse ndakutchulani bwerani, ndipo amalume mubwere ndi magalasi anu mudzaone nokha manambala akuthamanga pa sikirini.