Mwana wakutali nayenso ali ndi kwawo

Pa gulu lathu la WhatsApp la pachibale mwezi uno nkhani ndi imodzi basi. Achemwali anga omwe amakhala ku Leeds ku UK ndi amuna awo akufuna kutenga mwana mwalamulo kuti akhale wawo, adopushoni ija, koma sakufuna wa kuno ku Zimbabwe olo wa kumudzi ku Malawi, akufuna wakutali kwenikweni, moti akutchula maiko a ku Asia ndi ku South America. Andilola kulemba bola ndisatchule maina. Anthuwa akhala pabanja zaka zambiri opanda mphatso, ayenda m'zipatala, amva mawu opweteka kuchokera kwa abale omwe, ndie ine sindikuwatsutsa pofuna mwana ayi, ndimawamvera chisoni kwambiri. Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi chifukwa chomwe akufunira kutaliko.

Alamu anga ndi Mshona, makolo awo akuti mwana wosadziwika mutupo wake, kapena kuti mfunda wa makolo ake, salowa m'banja, akuopa chomwe pa Chishona amati ngozi, kuti tsiku lina mizimu ya kwawo kwa mwanayo idzavutitsa banja lonse. Achemwali nawo ali ndi mantha awo a Chichewa, akuti wa ku Malawi ndi wovuta chifukwa kwathu mwana ndi wa mbumba, udzamulera mpaka sekondale kenako amalume ake n'kutulukira kuti tabwera kudzatenga mwana wathu. Ndie onse awiri agwirizana kuti akakhala wa kutsidya la nyanja palibe adzagogode pakhomo. Ineyo pamenepa ndi pomwe ndakana.

Choyamba maiko ambiri omwe anthu ankathamangirako anatseka kale. Guatemala inatseka mu 2008, Kenya inaimitsa mu 2014, Ethiopia inaletsa mu January 2018, China yomwe inkapereka ana ambiri inasiya mu 2024. Boma la UK nalo lili ndi mndandanda wa maiko omwe silikulola nzika zake kutengako ana, muli Cambodia, Nepal, Guatemala ndi Ethiopia yomweyo. Ku America mu 2004 analandira ana pafupifupi 23,000 ochokera kunja, pano sakufika olo 2,000 pachaka. Ndipo maikowa sanatseke chifukwa cha nkhanza kwa anthu osabereka, ambiri anatseka atazindikira kuti pomwe pali madola ambiri ana amasiye amachita kupangidwa. Ku Chad mu 2007 anagwira azungu a bungwe la Zoe's Ark akufuna kukweza ndege ana 103 kupita nawo ku France, ati amasiye a ku Darfur ku Sudan, pofufuza zinapezeka kuti ambiri ndi a ku Chad konko ndipo makolo awo ali moyo. South Korea inatumiza kunja ana pafupifupi 200,000 kuyambira nkhondo yawo itatha, ndipo mu March 2025 komiti yomwe boma lawo linakhazikitsa inavomereza kuti panali chinyengo, ana ena ankalembedwa kuti ndi otayidwa pomwe amayi awo alipo. Anthu amenewo pano ndi akuluakulu, ena ali ndi zidzukulu, akubwerera ku Seoul ndi mapepala abodza m'manja kufunafuna amayi awo.

Ife Amalawi sitikufunika kupita kutali kuti timvetse. David Banda pomwe Madonna ankamutenga ku Mchinji mu 2006 bambo ake anali moyo, amayi ake ndi omwe anamwalira, bamboyo anakamusiya kumalo olerera ana chifukwa cha umphawi. Mu 2009 khoti lalikulu linayamba lakana za Mercy James ponena kuti wotenga mwana akuyenera kukhala m'dzikomo, kenako khoti la Supreme linalola. Sindikunena kuti anawo akuvutika ayi. Ndikungonena kuti mwana wa ku ofaneji nthawi zambiri ali ndi bambo, agogo, azakhali, ndipo zili choncho ku Mchinji, zili chonchonso ku dziko lililonse lomwe achemwali angaloze pa mapu. Kungoti kutaliko chilankhulo sakuchidziwa, sangafunse aneba, sangapite kwa amfumu, angodalira fayelo yomwe ejenti wawapatsa.

Ndipo pali chomwe ife obadwira kuno tikuchidziwa kuposa anthu ena. Agogo athu aamuna anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kudzagwira ntchito ku Salisbury, Harare ya leroyi, anakhazikika ku Mbare, sanabwererenso. Amayi anabadwira kuno koma chitupa chawo chinalembedwa ALIEN zaka zonsezo mpaka malamulo atsopano a 2013 anazindikira ana a anthu ochokera m'maiko a SADC. Tinakula tikutchedwa anthu opanda mutupo, mabwidi, kusukulu ukalankhula Chichewa ena akuseka. Koma ife tinali ndi chinthu chimodzi. M'kachitini ka bisiketi komwe agogo ankasungamo makadi a kuchipatala munali pepala long'ambidwa mu kope, lopindidwa kanayi mpaka mizere yake inayamba kudyeka, analembapo ndi pensulo dzina la mudzi, la mfumu yaikulu, boma, ndi dzina la mlongo wawo. Pepala limenelo ndi lomwe amalume ananyamula atakwera basi ya ku Lilongwe kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete, ndipo anakapeza abale, anawalozera manda a mayi wa agogo. Mpaka lero tikati kwathu timadziwa komwe tikunena olo ena mwa ife sitinapondeko.

Ndie ndinawafunsa achemwali kuti inu, mwana wa pepala limeneli, mukufuna dala mwana yemwe sadzakhala ndi pepala lake? Adzakula ku Leeds, khungu lake losiyana ndi lanu, tsitsi losiyana, aliyense mu basi adzaona kuti si wanu wobereka, ndipo akadzafika zaka 15 adzafunsa. Mukadzati sitikudziwa, tinasankha kutali kuti tisadziwe, adzamva bwanji?

Sikuti njira ya kunja ndi yoipa yonse. Pali pangano la ku Hague la 1993 lomwe limati mwana apite kunja pokhapokha zitalephereka kumupezera banja m'dziko lake, makolo avomereze mosakakamizidwa komanso osapatsidwa ndalama, ndipo mbiri ya mwanayo isungidwe. South Africa ndi Zambia analowa nawo. Ndinawauza kuti ngati atsimikiza mtima asankhe dziko lomwe lili m'panganoli, afunse kuti mayi wake anasaina pamaso pa ndani, abale ena anafunsidwa kapena ayi, ndalama iliyonse yomwe akulipira ikupita kuti, komanso ngati angakwanitse tikiti yopita naye kwawoko kangapo akukula. Adziwenso kuti masiku ano ana omwe amaloledwa kupita kunja ambiri ndi okulirapo, apachibale awiri atatu osafunika kuwalekanitsa, kapena odwala, si kakhanda komwe akukalota.

Za ngozi zija ndinalankhula ndi alamu pafoni mwaulemu, ndinati alamu, ngati makolo akuopa mwana wosadziwika komwe achokera ndie kutaliko mukuonjezera vutolo, chifukwa kumeneko ndi komwe simudzadziwa kalikonse. Kuno ku Harare m'malo olerera ana muli ana omwe a zachisamaliro cha anthu ali ndi mafayelo awo, ena abale awo akudziwika ndipo anavomera kuti sangathe kuwalera, ndipo ambiri amakhalamo mpaka zaka 18 chifukwa cha mantha omwewa. Ku UK komweko kulinso ana akuda omwe amadikira banja nthawi yaitali kuposa anzawo. Amalume a mwana akadzagogoda muwatsegulire, muwapatse mpando ndi tiyi, ine ndikuona kuti mwanayo adzakukondani kwambiri chifukwa cha chimenecho.