Mkamwini wodziwa makompyuta

Kuchikazi kwathu ndimadziwika ngati katswiri wa makompyuta. Ulemuwu ndinaupeza motchipa: ndinawaikira apongozi anga WhatsApp mufoni, kenako n'kuwakulitsira zilembo kuti asamavutike ndi magalasi. Kuyambira pamenepo, chilichonse chokhala ndi batani chikavuta, ngakhale ayironi, amati tidikire mkamwini.

Mvula yoyamba itabwera ndi mphenzi yake, kompyuta ya apongozi inangoti zii. Inali ya Windows 7, yomwe a Microsoft anasiya kuisamalira mu Januwale 2020, koma kwathu inkafundabe kansalu koluka usiku uliwonse. Kompyutayo palibe anailira. Nkhani inali yakuti apongozi ndi msungichuma wa banki m'khonde ya amayi a m'dera lawo ku Chilomoni, ndipo masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja chonse zinali mu fayilo imodzi ya Excel yomwe mdzukulu wawo ankawalembera. Kope la pamanja linalipo, koma linalekezera mu Juni. Kugawana ndalama kunali mu Disembala.

Uthenga unadzera mwa akazi anga, monga mwa mwambo. Ndinayankha ndili nga-nga-nga kuti kompyuta ikafa, zinthu sizifera limodzi, zimatsala mu hard disk, ndipo ukaichotsa n'kuilumikiza ku kompyuta ina umazipeza zili bwinobwino. Zimenezi n'zoona ndithu. Ndinazimva kwa bambo wina mu minibasi.

Ndinamasula bokosi lija ndi mpeni wa kukhitchini n'kuyamba kufufuza chinthu chooneka kuti chingasunge ndalama za amayi onse aja. Ndinasankha chachikulu kuposa zonse, cholemera, chokhala ndi fani komanso nthambo zofiira, zachikasu ndi zakuda. Ndinachikulunga m'chitenje, ulendo wa ku Limbe. Mnyamata wokonza makompyuta anachitembenuza uku ndi uku, n'kundiyang'ana, kenako n'kuitana mnzake wa shopu yoyandikana kuti adzaone nawo.

"Madala, iyi ndi power supply, yogawa magetsi mu kompyuta. Ndi imene yapsa ndi mphenziyo. Umu mulibe fayilo, muli fumbi ndi mphemvu."

Anandiuza kuti hard disk ndi kabokosi kachitsulo kaphwatalala, kokhala ndi polowetsa nthambo pawiri, paling'ono pa mafayilo ndi potakata pa magetsi, zomwe amazitchula kuti SATA. Anandionetsa zingwe ziwiri zolumikizira ku USB, chotchipa ndi chodula chokhala ndi pulagi yakeyake. Anati chotchipacho ndi cha ma hard disk a laputopu, aja a mainchesi 2.5, omwe amakhuta ndi mphamvu ya 5V yochokera pa USB. Ya kompyuta ya patebulo ndi ya mainchesi 3.5, ndipo kuti mbale za m'kati mwake zizungulire imafunanso 12V. Ine ndinamwetulira mochenjera. Anyamata a ku Limbe timawadziwa, ndinatero mumtima, akufuna andidyere. Ndinagula chotchipa.

Kunyumba ndinachotsa hard disk yeniyeni, n'kubwereka laputopu ya mlamu wanga, n'kulumikiza. Chete. Ndinaika khutu. Chete. Ndinaigogoda pang'ono, akazi anga akundiyang'ana pakhomo la kukhitchini osanena kanthu, komwe ndi kunena kwawo kwakukulu. Nditabwerera ku Limbe, mnyamata uja anangotulutsa chingwe chodula chija ndisanatsegule pakamwa.

Ulendo uno kanthu kaja kanayamba kung'ung'uza, ndipo pa laputopu panaoneka madisiki awiri. Ndinatsegula yoyamba, yolembedwa System Reserved, ya 100 MB. Munalibe kalikonse. Thukuta linatsika mpaka m'masokosi, ndipo ndinayamba kale kukonza mawu okawauza apongozi, oti mphenzi ya chaka chino ndi yachilendo, imalowa mpaka m'manambala. Chonsecho kameneko ndi kagawo kakang'ono komwe Windows 7 imadzipatulira kuti izidzukirapo, ndipo mafayilo ake amabisika. Disiki yachiwiri ndiyo inali ndi katundu: Windows, Program Files, Users. Nditalowa mu Users, kompyuta inandiuza kuti ndilibe chilolezo chotsegula foda ya apongozi. Ngakhale makina amadziwa mwambo. Ndinadina Continue, n'kudikira, n'kulowa.

Mu foda ya Desktop ndinapeza zonse zili ndandanda: Word, Excel, VLC yoonera mafilimu, ndi china cholembedwa BANKI YATHU. Ndinazikokera zonse mu fulashi. Zinatha ndisanaphethire. Munthu wanzeru akanadabwa kuti Microsoft Office yathunthu yasamuka bwanji mwachangu chotere, koma ine ndinaona kuti ndi dzanja langa. Zoyesa kutsegula ndinalibe nazo nthawi, mlamu anali ataima kale kumbuyo kwanga akufuna laputopu yake aonere mpira.

Loweruka amayi anadzaza pakhonde, ali pamikeka. Ine anandipatsa mpando wa khushoni ndi kapu ya thobwa. Wapampando anatsegula ndi pemphero, momwe anatchulamo ana amene Mulungu anawapatsa nzeru za masiku ano. Ndinaweramitsa mutu modzichepetsa. Kenako ndinalowetsa fulashi mu laputopu ya mlamu, n'kudina BANKI YATHU.

Panatuluka kabokosi konena kuti chomwe ndikufunacho sichikupezeka. Ndinadinanso mwamphamvu. Chimodzimodzi. Ndinadina Word, nayonso inakana. Ndinadina VLC, inatseguka.

"Mwaona?" ndinatero. "Zikubwera pang'onopang'ono."

Mayi wina anafunsa ngati masheya ake ali mmenemo. Wina kumbuyo anayamba kuvula mpango n'kuumanga m'chiuno.

Mdzukulu uja, mtsikana wa Fomu 3, anasendera pafupi n'kugwada mwaulemu, koma mawu ake anamveka mpaka kumpanda.

"Ankolo, mwakopera ma shortcut okhaokha."

Anandilozera kamuvi kakang'ono pakona pa chithunzi chilichonse, kenako kukula kwake: china 1 KB, china 2 KB. Anati timeneti sitisunga kanthu, timangoloza komwe chinthu chenicheni chili. Mwazula chikwangwani cha pamsewu, anatero, golosale mwaisiya. VLC ija inatseguka chifukwa mlamu anali nayo kale yake pamalo omwewo pomwe kamuviko kankaloza.

Pofuna kutola ulemu womwe unali utagwa, ndinanena mokweza kuti palibe vuto, tikopera foda yonse ya Program Files. Mwanayo anapukusa mutu. Makalata, zithunzi ndi nyimbo zimasamuka bwinobwino, koma mapulogalamu akuluakulu ngati Office ayi. Ukamawaika mu kompyuta amadzilembetsa mu kaundula wa Windows wotchedwa registry, amamwaza timafayilo tawo m'mafoda ena, ndipo laisensi yake siyenda ndi foda. Amafunika kuwaika mwatsopano. Komanso, anawonjezera, Excel ili kale mu laputopu ya amalume, chomwe tikufuna ndi fayilo imodzi basi.

Mwayi wake hard disk ndinali nditaitenga, ili m'chitenje chomwe chija, kuti ndiwabwezere eni ake mwamwambo. Mtsikanayo anailumikiza, n'kutsegula Properties ya kamuvi ka BANKI YATHU, n'kuwerenga njira yomwe kankaloza. Kankafuna disiki C, foda ya Documents. Koma pa laputopu ya mlamu, C ndi disiki ya mlamuyo, ya apongozi inali itapatsidwa chilembo F. Analowa mu F, Users, foda ya apongozi, Documents. Fayilo inali phee, ikutidikira.

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Apongozi anavala magalasi, mdzukulu n'kuyamba kuwerenga mzere ndi mzere, aliyense akuvomera masheya ake. Ine ndinayambiranso kumwa thobwa, mtima utakhala pansi. Atafika kumunsi, pamzere wopakidwa zofiira, mwanayo anaima kaye n'kundiyang'ana.

"Werenga," anatero wapampando.

"Mkamwini wa msungichuma, kudzera mwa akazi awo. K60,000, Ogasiti, ya matayala a njinga yamoto. Chiwongoladzanja 20 peresenti pamwezi. Sanabwezeko."

Apongozi anatsegula kope lawo la pamanja, n'kutembenuza masamba mpaka pomwe linalekezera, n'kulitseka. Kwa nthawi yoyamba chikwatire mwana wawo, analankhula nane mwachindunji osadzera mwa munthu.

"Zikomo kwambiri, apongozi. Iyiyi mukopemu munalibe."