Chitseko chakumbuyo kwa pikapu yanga: pamene ntchito yafika

Papita masabata atatu chilembere za pikapu yakale imene ndimaikonza pang'onopang'ono masiku a Loweruka kuseri kwa nyumba kuno ku Mangochi, ndipo m'masabata onsewa sindinagwire china chilichonse kupatula chitseko chakumbuyo. Chaka chatha ndinachotsa chogwirira chake chimene chinali chitathyoka, n'kuikapo kamota kokoka loko pamodzi ndi swichi yodina yokutidwa ndi rabala, kuti chitsekocho chizitseguka ndi magetsi. Chilimwe chonse zinayenda bwino. Mvula itayamba, m'mawa wina ndinapeza chitseko chili pansi pomwe usiku ndinali nditachitseka ndekha, ndipo patatha masiku anayi chinatseguka ndili pamsewu wa ku Monkey Bay, cha ku Makawa, nditanyamula madengu awiri a usipa a mlamu wanga. Madenguwo anali omangidwa ndi chingwe, koma pambuyo panga panali wakabaza wa njinga yamoto atanyamula mayi ndi mwana, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinachotsa fyuzi ya kamotako mpaka nditamvetsa chimene chikuchitika.

Poyamba ndinkakayikira loko, poganiza kuti mano ake atha. Chimene chinandibweza ndi zimene ndinawerenga za mapikapu akuluakulu a ku America, amene kuno sitiwaona kawirikawiri. Mu Febuluwale 2024, kampani ya General Motors inaitanitsa magalimoto 323,232 a mtundu wa Chevrolet Silverado HD ndi GMC Sierra HD, a zaka za 2020 mpaka 2024, kuti akakonzedwe mwaulere, chifukwa madzi ankalowa mu swichi yakunja yotsegulira chitseko chakumbuyo n'kuchititsa shoti, ndiye loko n'kumasuka wekha. Iwo sanali oyamba. Mu Disembala 2019, kampani ya Ford inali itaitanitsa kale magalimoto oposa 260,000 a F-250, F-350 ndi F-450, a zaka za 2017 mpaka 2019, ku United States ndi ku Canada, pa vuto lofanana la madzi olowa m'mawaya a chitseko. Nditawerenga zimenezi ndinasiya kuyang'ana zitsulo n'kutembenukira ku swichi imene ndinaika ndi manja anga.

Mfundo imene ndinachedwa kuigwira ndi yakuti madzi sachita kupha swichi. Swichi yakufa si yoopsa kwenikweni, pakuti chitseko chimangokana kutseguka ndipo munthu amadziwa nthawi yomweyo kuti pali vuto. Swichi yonyowa ndiye imanama: madzi osakanikirana ndi fumbi ndi mchere amalumikiza timapazi tiwiri tam'kati, moti kabokosi kolamulira maloko kamamva ngati chala cha munthu chadina. Kabokosi kameneka kamangofuna magetsi ochepa kwambiri kuti kavomere lamulo, ndipo kumeneko n'kumene ndinalakwitsa ine, chifukwa ndinalumikiza swichi yanga mwachindunji ku kabokosi ka alamu kameneka m'malo moidutsitsa pa relay, yemwe ndi swichi yoyatsidwa ndi magetsi osati ndi chala. Ndinayesa ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, Loweruka loyamba. Swichi ili youma sinkadutsitsa kanthu, monga mmene ziyenera kukhalira, koma nditaidonthezera madzi ochokera m'dengu la nsomba, manambala anayamba kutsika ndikuona, ndipo pasanathe mphindi imodzi kamota kanalira kokha palibe amene wakhudza.

Nditamasula chitsulo cham'kati cha chitseko ndinapeza zinthu zimene zinandiphunzitsa kuposa zonse zimene ndinawerenga. Pansi pa chitseko cha pikapu pamakhala timabowo totulutsira madzi, ndipo tanga tonse tinali totsekeka ndi mchenga wa kunyanja, mamba a nsomba ndi matope ouma. M'kati munali madzi ofika pafupifupi zala ziwiri, ofiirira ndi dzimbiri. Pulagi ya swichi inali itabiriwira, ndipo waya wina unangothothoka nditaukoka pang'ono. Choipa kwambiri chinali silikoni amene ndinamata kuzungulira swichi yonse chaka chatha, poganiza kuti ndikuitchinjiriza. Pamwamba, pomwe dzuwa la kuno limawomba tsiku lonse, silikoniyo anali atang'aluka, koma pansi anali adakali wolimba, motero madzi ankalowa pamwamba n'kusowa potulukira. Komanso waya ndinali nditauyendetsa kuchokera m'mwamba kutsikira ku swichi, kutanthauza kuti dontho lililonse logwera pa wayawo linkautsatira mpaka kukafika pa pulagi penipeni.

Tiyenera kukumbukira kuti kuno pikapu sinyowa ndi mvula yokha. Amene amanyamula chambo kapena usipa wauwisi amadziwa kuti ayezi akamasungunuka madzi ake onse amathamangira kumbuyo galimoto ikamakwera mtunda, ndipo madzi amenewo si oyera ayi. Tikabwerako timatsuka bodi ndi ndowa kapena paipi, madzi n'kumamenya chitseko mwamphamvu. Chinyezi cha m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire nacho sichilola kuti m'kati mwa chitseko muume msanga. Ngati swichi zopangidwa kufakitale zinalowa madzi, yanga yogula pamsika sikanapirira.

Loweruka lachiwiri linatha ndi ntchito yotopetsa koma yosavuta: kutsegula timabowo, kupala dzimbiri, kupaka penti woteteza ndi kuumitsa chitseko padzuwa. Ndinagula swichi yatsopano, ndinadula mawaya onse obiriwira, ndinawotcherera olumikiza atsopano n'kuwakuta ndi heat shrink, kapaipi ka pulasitiki kamene kamafinya waya kakatenthedwa, ndipo m'pulagi ndinaikamo girizi woteteza magetsi ku chinyezi. Waya tsopano umatsika kaye pansi pa swichi kenako n'kukwera, kuti madzi azidontha pamene wapindikira. Silikoni ndamata pamwamba ndi m'mbali mokha, pansi ndasiya potseguka.

Pamene ndinakhalitsa poganiza ndi pa kalumikizidwe. Ku Ford sanangosintha swichi yokha, anakonzanso mawaya kuti njira ya magetsi otsegulira chitseko ikhale payokha, ndipo nzeru imeneyo ndinaitengera. Swichi yanga tsopano imayatsa relay, amene koyilo yake imafuna magetsi ochuluka kuposa amene madzi akuda angadutsitse, ndipo relay ameneyo amagwira ntchito pokhapokha handibuleki ili yokoka. Ndinkaona ngati apa ndamaliza, mpaka nditawerenganso bwino nkhani ya General Motors. Pa magalimoto awo chitseko chinkamasuka galimoto ikakhala pa giya yoimikira, osati ikuyenda, komabe anaona kuti ngozi ilipo, popeza loko akamasuka galimoto ili chiimire, dalaivala amanyamuka osadziwa, chitseko n'kukagwa pabampu yoyamba ndi katundu yense. N'chifukwa chake eni magalimoto anauzidwa kuti aziyang'ana ngati chitseko chatsekeka asananyamuke, podikira kuti swichi isinthidwe. Zimenezi zikutanthauza kuti handibuleki yanga ikutseka theka la vuto lokha. Loweruka lapitali ndinawonjezera kaswichi kena pa loko penipeni, kamene kamayatsa getsi lofiira pa dashibodi chitseko chikakhala chosagwira bwino, ndipo mapini awiri akale okhomera pamanja, amene ndinawachotsa chifukwa ndinkawaona ngati achikale, ndawabwezeretsa m'malo mwake.

Pali chinthu china chimene chikundivutitsa maganizo. Ku America kalata yoitanitsa galimoto imapita kwa mwini wake, ndipo aliyense angathe kulemba nambala yozindikiritsa galimoto yotchedwa VIN, ya zilembo ndi manambala 17, pa tsamba la pa intaneti la NHTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, n'kuona ngati galimoto yake ili ndi vuto limene silinakonzedwe. Magalimoto athu ambiri amafika kuno atadutsa m'manja mwa anthu angapo komanso m'maiko angapo, ndipo kalata yotereyi sitipeza. Amene muli ndi pikapu yokhala ndi chitseko chamagetsi, kaya chakufakitale kaya choikidwa kugalaja, ndikukupemphani kuti mufufuze nambala yanu kwa opanga galimotoyo, ndipo mutsegule timabowo tapansi mvula isanakule.

Dzulo madzulo ndinayesa ntchito yonse. Mwana wanga wamkulu anathira ndowa zisanu ndi imodzi pa chitseko, zina za madzi amchere, ine ndili ndi multimeter pa mawaya a relay. Madzi anatuluka pansi bwinobwino ndipo kamota sikanalire ngakhale kamodzi. Getsi la pa dashibodi lokha ndi limene likuphethira chitseko chikagwedezeka, zomwe zikusonyeza kuti kaswichi ka pa loko kakhala patali pang'ono ndipo kakufunika kawashala kamodzi kapena tiwiri. Ndikakonza zimenezo, Loweruka likubwerali ndidzanyamula matumba anayi a mchenga n'kukwera mtunda wa ku Namwera, kumene katundu yense amatsamira pa chitseko, ndipo mapini ndidzawasiya okhoma mpaka nditafika pamalo opanda anthu pambuyo panga.